Gonçalo da Silveira, wansembe amene anadutsa pa Tete osabwereranso

Mukacoka ku Zóbuè pa galimoto n'kudutsa Moatize, musanalowe mumzinda wa Tete mumawoloka Zambezi pa mlatho. Kale mlatho kunalibe. Msewu wa phula kunalibenso. Msewu waukulu unali mtsinje womwewo. Nsalu ndi mikanda zinkakwera ndi mtsinjewu kucokera kunyanja. Golide ndi minyanga ya njovu zinkatsika nawo.

Kumapeto kwa caka ca 1560, pa Tete panafika mlendo wa mtundu wina. Sanabwere ndi katundu wa malonda. Anali wansembe wa Katolika wa zaka 34, dzina lake Gonçalo da Silveira. Ulendo wake unali wopita kwa mfumu yaikulu ya nthawi imeneyo, Mwene Mutapa. Patangotha miyezi yocepa anaphedwa.

Akatolika ambiri amamuchula mboni yoyamba ya cikhulupiriro kum'mwera kwa Africa kuno, kutanthauza munthu woyamba kuphedwa cifukwa ca Cikhristu. Koma nkhani yake si yophweka ayi. Muli mantha, muli malonda, muli ndale. Mulinso magazi a anthu ena amene maina awo samveka kawirikawiri.

Mwana wamasiye wa m'banja lolemera

Gonçalo anabadwa pa 23 Fevereiro 1526 ku Almeirim, m'dziko la Portugal. Anali mwana wacikhumi wa Luís da Silveira, munthu wamkulu wa kunyumba ya mfumu ya dzikolo. Makolo ake onse awiri anamwalira iye akadali wamng'ono. Amene anamulera ndi mlongo wake wamkulu, Filipa de Vilhena, pamodzi ndi mwamuna wake.

Mu 1542 anapita kukaphunzira ku yunivesite ya Coimbra. Kumeneko anakumana ndi cipani catsopano ca ansembe cochedwa Ajezuiti. Cipanici anayambitsa ndi Inácio de Loyola, ndipo Papa anacivomereza mu 1540. Caka ca 1543 Gonçalo analowa m'cipanico, ali ndi zaka 17.

Abale ake sanakondwe nazo. Mnyamata wa banja lotere akanatha kukhala mkulu wa asilikali, kapena nduna ya mfumu. Nanga bwanji akusankha umphawi? Anayesa kumubweza, iye anakana. Conco oyamba kumutsutsa anali a kunyumba kwawo. Izi si zacilendo kwa ife. Ngakhale lero, munthu akalowa mpingo umene acibale sakuufuna, mkangano umayambira pakhomo.

Atakhala wansembe anachuka ndi kulalika. Anakhalanso mkulu wa nyumba ya Ajezuiti ya São Roque ku Lisboa. Amene anakhala naye analemba kuti ankadya pang'ono, ankagona pang'ono, ndipo sankadzimvera cisoni. Vuto linali lakuti ankafuna kuti anzake onse akhale ngati iye.

Mu 1556 anamutumiza ku India, kukakhala mkulu wa Ajezuiti onse a kumeneko. Likulu lawo linali ku Goa. Nchitoyi anaigwira zaka zitatu.

Pa zaka zimenezi pali cinthu cimodzi cosayenera kucibisa. Mu 1557, mumzinda wa Cochin, Silveira anali mmodzi wa ansembe amene analimbikitsa kuti anthu ena afufuzidwe. Anthuwa anali a mtundu wa Ciyuda koma obatizidwa. Ankawaganizira kuti akupitiriza cipembedzo ca makolo awo mobisa. Ena anamangidwa n'kutumizidwa ku Lisboa kukaweruzidwa. Ndiye munthu amene tikumudziwa ngati wozunzidwa cifukwa ca cikhulupiriro cake, nayenso anazunzitsapo anthu ena cifukwa ca cikhulupiriro cawo.

Masabata asanu ndi awiri kwa mfumu Gamba

Kumayambiriro kwa 1560 Silveira anacoka ku India pa combo, kubwera ku Africa. Anali ndi anzake awiri, wansembe André Fernandes ndi mbale André da Costa. Anayamba apita kum'mwera, ku Tongue, kufupi ndi Inhambane. Kumeneko kunali mfumu yochedwa Gamba. Mwana wa mfumuyi anali atabatizidwa kale ku cilumba ca Moçambique, ndipo ndi kudzera mwa iyeyu pamene pempho lofuna ansembe linamveka.

Silveira anadwala malungo panjira mpaka kutsala pang'ono kufa. Atacira anakhala kwa Gamba masabata asanu ndi awiri. Pa nthawi yocepayo anabatiza mfumu, n'kuipatsa dzina lakuti Constantino, pamodzi ndi anthu pafupifupi 450. Iye anaona kuti nchito yayenda. Anasiya anzake aja pomwepo, mtima wake uli kale kwa mfumu yaikulu ya kumtunda.

Zimene zinatsatira ku Tongue zikutiuza zambiri. Fernandes atayamba kudzudzula mitala, ndi kukana kuti mfumu ili ndi mphamvu yogwetsa mvula, anthu anamutembenukira. Anavutika ndi njala, anthu anamusala, ndipo mu 1562 anacoka. Anthu anali atalandira madzi a ubatizo, koma palibe anali atawafotokozera mokwanira zimene madziwo adzafune kwa iwo.

Kukwera Zambezi

Silveira analowa m'Zambezi cakumapeto kwa 1560. Anaima pa Sena pafupifupi miyezi iwiri, kudikira cilolezo ca Mwene Mutapa. Paja mlendo sankangolowa m'dziko la mfumuyi ngati akulowa mumsika. Pa Sena panali Apwitikizi ocepa, anthu 10 kapena 15 basi, onse amalonda. Podikirapo anabatiza anthu pafupifupi 500, ambiri mwa iwo akapolo ndi anchito a Apwitikiziwo.

Pa Sena pomwepo panali amalonda ena amene anafika kale Apwitikizi asanabwere. Awa anali Asilamu a m'mbali mwa nyanja. Iwowa anali atacita malonda a golide ndi mafumu a kumtunda kwa mibadwo yambiri. Ambiri anali atakwatira konkuno, ana awo anabadwira konkuno. Mu 1505 Apwitikizi anali atamanga linga pa Sofala, ndipo kuyambira pamenepo magulu awiriwa ankalimbirana malonda omwewo. Muzikumbukira mfundo iyi, cifukwa tikumana nayonso kutsogolo.

Cilolezo citafika, Silveira anapitirira mpaka pa Tete. Kucokera apa ulendo unali wa pansi. Anasenza yekha mwala wa paguwa, cikho ca Misa ndi zovala za unsembe. Inali nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza. Amene munayendapo m'Dezembro kutsidya kwa Zambezi mukudziwa kutentha kwake. Anafika kumudzi wa mfumu pa nyengo ya Khirisimasi. Mudziwo unali pafupi ndi mtsinje wa Musengezi, kumpoto kwa Zimbabwe ya lero, kufupi ndi malire a cigawo cathu ca Tete.

Mlendo wokana mphatso

Mwene Mutapa wa nthawiyo anali Negomo Mupunzagutu. Anali mnyamata, atangolowa kumene ufumu. Mayi ake anali ndi mawu akulu pa nkhani za dziko. Pabwalo la mfumu pankakhala Mpwitikizi wina, António Caiado, wamalonda wodziwa cilankhulo ca kumeneko. Iyeyu ndiye anakhala womasulira ndi bwenzi la Silveira.

Zambiri zimene tikudziwa za miyezi imeneyi zinacokera kwa Caiado ndi anthu ena amene analipo. Mjezuiti wina, Luís Fróis, anazisonkhanitsa m'kalata imene analemba ku Goa mu Dezembro 1561. Ndiye tikumva mbali imodzi yokha, mbali ya Apwitikizi. Mfumu, nduna zake ndi Asilamu aja sanatisiyire kalata.

Mfumu inalandira mlendo wake mwaulemu waukulu. Inamutumizira golide, ng'ombe ndi anchito. Inafunsanso ngati akufuna akazi kapena malo. Silveira anabweza zonse. Kalata ija imati mfumu inadabwa kwambiri, cifukwa inali isanaonepo munthu wosafuna zimene anthu onse amafuna.

Apwitikizi anamva kudabwaku ngati kutamanda. Ine ndikuona kuti munalinso cina. Kwathu kuno, mlendo akakana mphatso ya mfumu anthu amayang'anana. Wamalonda amadziwika cimene wabwerera. Koma munthu wacoka kutali, wawoloka nyanja, sakufuna golide, sakufuna ng'ombe, sakufuna mkazi. Ndiye akufuna ciyani? Funso limeneli linatsala lopanda yankho, ndipo anthu ena anadzaliyankha m'malo mwake.

Silveira anali ndi cithunzi cokongola ca Maria, mayi wa Yesu, cimene anaciika paguwa m'kanyumba kake. Anthu ena odutsa ataciona anakauza mfumu kuti mlendo uja akusunga mkazi wokongola m'nyumba. Mfumu inati imuone. Silveira anapita naco cithunzico atacikulunga m'nsalu yabwino, n'kufotokoza kuti ameneyu ndi ndani. Mfumu inacipempha, ndipo cinakakhala m'nyumba yake. Patapita masiku, mfumu inanena kuti mayi uja akuidzera kutulo, akulankhula cilankhulo cimene iyo sikucimva. Silveira anayankha kuti idzacimva ikadzakhala Mkhristu.

Patatha masiku ngati 25 cifikireni mlendoyo, Negomo anabatizidwa. Anapatsidwa dzina lakuti Sebastião, dzina la mfumu ya Portugal. Mayi ake anachedwa Maria. Anthu ena pafupifupi 300, ambiri a iwo akuluakulu a dziko, anabatizidwanso. Mfumu inapereka ng'ombe 100, ndipo Silveira anati ziphedwe, nyama igawidwe kwa osauka.

Masiku 25. Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula mukudziwa kuti masabata atatu ndi ocepa. Sakwanira n'komwe kuti dzanja lizolowere colembera. Nanga kuli bwanji cikhulupiriro catsopano, cophunzitsidwa kudzera mwa womasulira, kwa mfumu imene ufumu wake wonse unatsamira pa mizimu ya makolo?

Milandu imene anamuneneza

Ubatizo wa mfumu unaopsa anthu ambiri. Amalonda Acisilamu anaona kuti mfumu ikakhala ya cipembedzo cimodzi ndi Apwitikizi, malonda a golide awathawa. Kalata ija imachula anthu anayi amene anapita kwa mfumu, mtsogoleri wawo Mingame.

Mlandu woyamba unali wakuti Silveira ndi kazitape. Anati watumidwa ndi akuluakulu a Apwitikizi a ku India ndi ku Sofala kudzazonda dziko, kuti asilikali adzabwere pambuyo pake. Anatinso akugwirizana ndi Chipute, mfumu ina imene inali pa udani ndi Negomo.

Mlandu waciwiri unali woopsa kuposa pamenepo. Anati ndi mfiti. Anati wabwera ndi mankhwala obweretsa cilala ndi njala, ndipo akusunga fupa la munthu wakufa. Anati kuthira anthu madzi pamutu, uku akunena mawu osamveka, ndiyo njira imene Apwitikizi amalandira dziko la eni. Anapereka citsanzo ca Sofala. Asing'anga anaombeza ula, ndipo ula unagwirizana ndi onenezawo.

Olemba mbiri ambiri a masiku ano amati Asilamu anayi sakanatha kutembenuza mtima wa mfumu paokha. Pabwalopo panali akuluakulu osunga miyambo, ndi anthu olankhulira mizimu ya mafumu akale, imene Ashona amaichula mhondoro. Iwowa ndiwo ankapempha mvula ndi kutsimikizira kuti uyu ndiye mfumu yeniyeni. Mfumu ikasiya mizimu, iwo atsala pati? Ufumuwo utsala pati?

Tiyeni tinene zoona. Silveira sanali mfiti. Palibenso umboni wakuti anali kazitape. Pa milandu iwiriyi anamunamizira. Koma mantha a anthu aja sanali a cabe. Iye anabwera pa combo ca Apwitikizi, ndi cilolezo ca bwanamkubwa wa Apwitikizi, ndipo mfumu anaipatsa dzina la mfumu ya Apwitikizi. Munthu wa pa Musengezi akanasiyanitsa bwanji mtanda ndi mbendera? Ndipo, monga tionere, asilikali anabweradi.

Mawu akuti mfiti tikuwadziwa kulemera kwake. Mpaka lero, m'midzi ya Moatize ngakhale ku Zóbuè, agogo akangonenedwa mawu amenewa sagonanso tulo. Munthu wonenedwa ufiti alibe podzitetezera. Akakhala cete amati wavomera. Akalankhula amati ndiye kucenjera kwa mfiti kumeneko.

Tsiku lomaliza

Negomo ndi mayi ake anagwirizana kuti mlendo aphedwe. Mfumu inauza Caiado kuti ngati ali ndi katundu m'nyumba ya wansembe akamucotse. Caiado anamva tanthauzo lake. Anayesa kuipepesa mfumu, osatheka.

Silveira anali atadziwa kale. Njira ya ku Tete ankaidziwa, paja anadzera yomweyo. Koma sanathawe. Anaitanitsa Apwitikizi ocepa a pafupi kuti adzalape ndi kulandira Ukalistia. Loweruka pa 15 Março 1561 anacita Misa, n'kubatiza anthu ena 50. Zipangizo za Misa anazitumiza kwa Caiado kuti zisaonongeke. Anatsala ndi mtanda wokha.

Madzulo Caiado anamupeza atavala mkanjo watsopano. Silveira anamuuza kuti ndi wokonzeka kufa. Anatinso akuikhululukira mfumu cifukwa ndi mwana, ndiponso mayi ake cifukwa anamizidwa. Caiado anasiya anyamata ake awiri kuti akhale naye. Iwowa ndiwo anadzafotokoza zotsalazo.

Anati wansembe anayendayenda panja pa nyumba mpaka pakati pa usiku, akupemphera, ngati munthu wodikira alendo. Atatopa analowa n'kugona pamphasa, mtanda uli pambali. Pamenepo amuna asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu analowa. Anamumanga cingwe m'khosi n'kumukoka uku ndi uku mpaka anafa. Mtembo anaukokera kumtsinje wa Musengezi n'kuuponya m'madzi. Anali ndi zaka 35. Inali nyengo ya masiku 40 okonzekera Pasaka.

Kalata ija imapitiriza kuti mfumu inalamula kuti anthu 50 obatizidwa tsiku lomaliza aja aphedwenso. Koma nduna zina zinaimirira. Zinauza mfumu kuti ngati kuthiridwa madzi pamutu ndi mlandu wa imfa, ndiye kuti izo zomwe ziyenera kufa, pamodzi ndi mfumu imene. Mfumu inabweza mawu ake. Ndunazi maina awo sanalembedwe. Zinali zitangobatizidwa masabata ocepa m'mbuyomo, koma zinapulumutsa anthu 50 ndi pakamwa pokha.

Kodi akanathawa?

Akhristu sadabwa akamatsutsidwa. Mwini cipembedzo cawo anaphedwa pamtanda, ataweruzidwa pa milandu yonama. M'mutu 10 wa Mateyu, Yesu anacenjezeratu ophunzira ake kuti adzatengeredwa kumabwalo a milandu, ndipo ena adzaperekedwa ndi abale awo enieni. M'buku la Macitidwe, Stefano anaponyedwa miyala akupempherera omupha. N'cifukwa cake mawu a Cigiriki amene Akhristu amachulira munthu wophedwa motere, pa Cipwitikizi mártir, amatanthauza mboni. Munthuyo amacitira umboni ndi moyo wake kuti zimene amakhulupirira ndi zoona. Pokhululukira Negomo asanamuphe, Silveira ankatsata Stefano.

Koma m'mutu womwewo wa Mateyu, Yesu anauzanso ophunzira kuti akazunzidwa mumzinda wina athawire mumzinda wina. Paulo anathawa ku Damasiko usiku, anzake atamutsitsa pa linga ali m'dengu. Paulo yemweyo, patapita zaka, anapita ku Yerusalemu akudziwa kuti akamangidwa. Ndiye Cikhristu sicinaike lamulo limodzi pa nkhaniyi. Pali nthawi yokhala, pali nthawi yocoka.

Amene ankamudziwa Silveira analemba kuti kuyambira kale ankalakalaka kufera cikhulupiriro. Apa ndi pamene ine ndimakayikira. Munthu wolakalaka imfa yotere saunika bwino njira zina. Akanabwerera ku Tete n'kudikira miyezi ingapo, mwina mtima wa mfumu ukanazizira, paja inali mfumu yosinthasintha maganizo. Anthu 300 aja akanakhala ndi mphunzitsi wowabwerera. Mmene zinatheramu, anatsala okha, ndipo Cikhristu ca pabwalo la Negomo cinazimirira.

Komanso mbali inayo ili ndi mphamvu. Akanathawa usiku, onse akanati mwaona, analidi kazitape. Amene anawabatiza akanatsala ndi dzina la otsatira mfiti yothawa. Pokhala, iye anayankha mlanduwo m'njira imodzi yokha imene inamutsalira. Kazitape sadikira omupha atagona pamphasa. Pa zinthu ziwiri palibe angamutsutse. Sanakane cikhulupiriro cake, ndipo sanaitane Mpwitikizi aliyense kuti atenge mfuti.

Asilikali a Barreto

Amene anatenga mfuti ndi ena, iye atafa kale.

Mbiri ya imfa yake inafika ku Goa, kenako ku Lisboa. Ku Portugal anthu anali atamva kale za golide wa Mwene Mutapa, ndipo ankamusirira. Tsopano anapeza cifukwa. Mu Janeiro 1569 akatswiri a malamulo ndi a zacipembedzo a mfumu Sebastião anagamula kuti nkhondo yolimbana ndi Mwene Mutapa ndi yolungama. Cimodzi mwa zifukwa zawo cinali kuphedwa kwa Silveira. Caka comweco Francisco Barreto, amene kale anali bwanamkubwa wa India, anacoka ku Lisboa ndi zombo zitatu ndi asilikali pafupifupi 1,000. Pagululi panali Mjezuiti wina, Francisco Monclaro.

Anafika pa Sena kumapeto kwa 1571, m'nyengo yoipa ya dzinja. Asilikali anayamba kufa ndi malungo. Akavalo nawo anayamba kufa. Lero tikudziwa zimene udzudzu umacita kwa anthu, ndi zimene kashembe amacita kwa ziweto m'cigwa ca Zambezi. Iwo sankadziwa. Anafuna munthu womuloza cala, ndipo anawaloza Asilamu a pa Sena kuti akuthira ciphe m'madzi ndi m'msipu.

Taonani mmene zinthu zinatembenukira. Zaka khumi m'mbuyomo, Mkhristu ananenedwa kuti wabwera ndi mankhwala oipa, naphedwa. Tsopano Akhristu ananena Asilamu mlandu womwewo.

Barreto analamula kuti Asilamu a pa Sena agwidwe. Ambiri anaphedwa pomwepo. Akuluakulu awo 17 anawasunga n'kumawapha mmodzimmodzi mwankhanza zoopsa. Ena anawabaya ndi mitengo yosongoka ali moyo. Ena anawaphulitsa ndi mizinga. Izi sizinalembedwe ndi adani a Apwitikizi ayi. Analemba ndi Monclaro yemwe, wansembe wa cipani ca Silveira, ndipo analemba mosaonetsa cisoni.  Anthuwa anali amalonda a pa Sena, amene analandira asilikaliwo atangofika.

Mu 1572 gululo linakwera kulowera ku Tete. Linamenyana ndi anthu a mfumu ya Amonga, pakati pa Sena ndi Tete. Mfuti zinapambana pankhondo, koma matenda ndi njala zinabweza asilikali. Barreto anafera pa Sena mu 1573, osafika n'komwe kwa Mwene Mutapa. Mwa anthu 1,000 aja otsala anali ocepa zedi. Amene anamulowa m'malo, Vasco Fernandes Homem, anadzera ku Sofala mpaka ku Manica. Anapeza kuti golide uja si wongotola. Amafuna kukumba movutikira, ndipo amatuluka pang'onopang'ono. Negomo anakhalabe pampando mpaka ca m'ma 1589.

Silveira anakhululukira omupha. Amene anabwera m'dzina lake anapha anthu osalakwa, ndipo palibe ngakhale munthu mmodzi wa pa Musengezi amene anabwerera ku Cikhristu cifukwa ca mizinga yawo.

Pambuyo pake m'cigawo ca Tete

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ansembe a cipani ca Adominiko anakhazikika pa Sena ndi pa Tete. Ajezuiti anabwereranso m'Zambezi, mpaka boma la Portugal lenilenilo linawathamangitsa mu 1759. Ulendo uno owatsutsa sanali asing'anga kapena Asilamu. Linali boma la Akhristu anzawo.

Funso la kukhala kapena kucoka linabweranso m'nthawi ya makolo athu. Ansembe a Padres Brancos, amene anaphunzitsa anyamata ambiri ku seminale ya ku Zóbuè, anasankha kucoka. Mu 1971 anatuluka m'Moçambique monse, ponena poyera kuti sangapitirize nchito pamene Mpingo ukuoneka ngati ukuyenda limodzi ndi boma la atsamunda. Ena anasankha kukhala. M'nthawi ya nkhondo ya zaka 16, Ajezuiti awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia, ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, anakhalabe ndi anthu awo ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Usiku wa pa 30 Outubro 1985 anthu a mfuti anawatenga panyumba pawo n'kukawapha. Dayosizi ya Tete inatsegula nchito yofufuza moyo ndi imfa yawo, kuti mwina Mpingo udzawachule mboni za cikhulupiriro.

Za Silveira, nchito yotereyi inayamba kalekale, m'zaka za m'ma 1600, koma mpaka lero Mpingo sunamuike m'gulu la oyera. Dzina lake likupezeka m'buku lalikulu la ndakatulo la Apwitikizi, Os Lusíadas, limene Luís de Camões anatulutsa mu 1572. Ku Chishawasha, pafupi ndi Harare, kuli malo a maphunziro a Ajezuiti ochedwa Silveira House, amene anatsegulidwa mu 1964.

Manda ake palibe, cifukwa mtembo wake sunapezeke. Mtsinje wa Musengezi masiku ano umathira m'nyanja ya Cahora Bassa, m'cigawo cathu comwe cino, ndipo madzi ake amatsika ndi Zambezi kudzadutsa pansi pa mlatho wa pa Tete.